Lamulo la Amayi Tabeth Loletsa Moni

Malemu amene agona patsogolo pathuwa, amayi Tabeth Shawa, akazi a bambo Benwell Ngoma, anabadwa pa 9 Juni 1949 kumtunda, m'dera la Chipata, masiku amenewo kukutchedwa Fort Jameson. Anali mwana wachiwiri mwa ana asanu a bambo Paskale Shawa ndi amayi Esnati, amene onse awiri anatsogola kale.

Zikomo a mfumu, zikomo abambo a mpingo, akuluakulu a kwa Ngoma ndi a kwa Shawa, ndi nonse amene mwaponda matope kudzakhuza maliro ano. Ine ndine Japhet Shawa, mlongo wawo wamng'ono wa malemu. Banja landisankha kuti ndiwerenge mbiriyi, osati chifukwa ndimadziwa kulankhula, koma chifukwa amene akanaiwerenga bwino palibe pano. Ine ndine mlimi. Mukandifunsa za njovu ndi chimanga ndikuyankhani mpaka dzuwa kulowa, koma ntchito imene alongo anga anagwira moyo wawo wonse ndimaidziwa monga munthu amadziwira mtsinje ali pamtunda. Ndinene poyamba pomwe kuti maliro ano ndi operewera. Kuli anthu ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Kitwe amene ankawatcha malemuwa amayi, ndipo mmene ndikulankhula pano iwo ali m'maofesi mwawo, akudikira yankho kuchokera kwa munthu amene ife tikukamuika. Sitinathe kuwauza. Chifukwa chake muchimva m'mbiri momwemu.

M'chaka cha 1955 makolo athu anatsikira kuno ku chigwa, bambo atatumidwa ndi mpingo kudzaphunzitsa katekisimu, ndipo tinakhazikika ku Kakumbi. Malemu anayamba sukulu mu 1956. Amene anakhala nawo m'kalasi, ndipo ena ndikuwaona apo pansi pa msikidzi, angachitire umboni zinthu ziwiri. Choyamba, masamu kwa iwo anali ngati kumwa madzi. Chachiwiri, sankatha kudutsa munthu osamupatsa moni. Amayi athu akawatuma kukapempha mchere kwa anansi, ndiwo zinkapserera, chifukwa panjira ankaima pakhomo lililonse kufunsa mwadzuka bwanji, nanga mwendo uja, nanga mwana anagona, nanga nkhuku ija inaswa anapiye angati. Khalidwe limeneli sanalisiye mpaka imvi. Ndalitchula dala, mulisunge.

Mu 1964 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ya mishoni kumtunda, komwe anamaliza Fomu 5 mu 1968. Mu Januwale 1969 anapeza ntchito ku Kitwe, ku kampani ya migodi. Atabwera ku tchuthi koyamba n'kutifotokozera kuti ntchito yawo ndi yoboola timakadi ta mapepala, bambo athu anafunsa ngati fizi yonse ija analipirira ntchito ya chiswe. Malemu anaseka mpaka misozi. Anatiuza kuti timabowo timeneto ndi mawu, ndipo kuli makina otchedwa kompyuta, aakulu odzaza chipinda, amene amawerenga mabowowo n'kudziwa malipiro a munthu aliyense wotsika mumgodi. Tinavomera ndi mitu, koma kunena zoona panalibe anamva.

Mu 1972 kampaniyo inawasankha kukaphunzira kulemba mapulogalamu, ndiko kuti malangizo amene kompyuta imatsatira. M'kalasimo mkazi anali iwo okha. Pa 21 Sepitembala 1974 anamanga ukwati woyera ndi bambo Benwell Ngoma, amene panthawiyo ankaphika ku nyumba ya alendo ya kampani yomweyo. Alamu angawa amati mwa anthu onse a m'maofesi amene ankabwera kudzadya, mtsikana mmodzi yekha ndiye ankazungulira kuseri kukapereka moni kwa ophika, ndipo iwo anaganiza kuti ameneyu asawapulumuke. Ena ankanena kuti mkazi wa makompyuta ndi mwamuna wa mapoto sizidzatheka. Onenawo ambiri maukwati awo anatha kalekale. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Edith mu 1976 ndi Langford mu 1979.

Mu 1981 anakwezedwa kukhala mtsogoleri wa gulu la olemba mapulogalamu. Apa ndiyesetse kufotokoza monga iwo anandifotokozera. Ankati pulogalamu yaikulu ili ngati nyumba. Pali omanga, ndiye pali munthu amene amakhala pansi njerwa isanaumbidwe n'komwe, n'kuganiza kuti khomo liyang'ane kuti, madzi a mvula adzathawira kuti, ana akadzachuluka chipinda chidzawonjezedwa mbali iti. Iwo anali munthu wachiwiriyo, ndipo anaphunzitsa ambiri kukhala otero. Ankatinso makina a masiku amenewo anali ndi mutu waung'ono, osasunga zambiri, choncho chilembo chilichonse chinali chodula. Polemba chaka ankadula 19 wakutsogolo, m'malo mwa 1981 n'kungolemba 81. Aliyense ankachita choncho, ndipo kunali kuchenjera kwa nthawi imeneyo. Malemu anakulira m'ntchito yophunzitsa munthu kuti chimene sichikufunika lero, achichotse.

Mu 1993 migodi itayamba kuchepetsa antchito, iwo anali m'gulu la opumitsidwa. Mu Meyi 1994 anabwerera kuno kwawo pamodzi ndi alamu, ndipo ndinawapatsa munda kufupi ndi wanga. Sindiwanamizira pamaso pa Mulungu, alongo anga khasu silinkawamvera. Mizere inali yowongoka bwino, koma mmene ankatha umodzi anzawo anali atafika kumalire. Chimanga chitayamba kukhwima njovu zinabwera n'kumaliza nkhani yonse. M'mawa mwake ndinawapeza ataima m'mundamo, akundifunsa kuti njovu zalowera mbali iti, chifukwa chiyani mbali imeneyo, nanga chaka chatha zinalowera kuti. Ine ndinali ndi mkwiyo, iwo anali ndi mafunso. Mwamwayi alamu anapeza ntchito yophika pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo banja linapumako.

Mu 1996 eni loji ija anagula kompyuta yolembera alendo, koma inkawavuta. Alamu anangoti kunyumba kuli munthu. Malemu anapitako tsiku limodzi, n'kusanduka wapakhomo. Chaka chotsatira lojiyo inaika makina otumizira imelo kudzera pa wailesi, popeza waya wa foni kumtsinjeko kulibe. Kwa amene simunaionepo, imelo ndi kalata yopanda envelopu, imachoka m'kompyuta ya uyu n'kukalowa m'kompyuta ya uyo. Koma yathuyi inali yoyenda pang'onopang'ono. Moto wake unkachokera ku dzuwa, n'kusungidwa m'mabatire, ndipo tsamba limodzi linkatenga nthawi yoti munthu asende mbale ya mtedza. Makalata a lojiyo ndiwo ankayamba, ndipo malemu analoledwa kugwiritsa ntchito moto wotsalawo. Amenewo ndiwo malipiro amene anapempha.

Woyamba kuwapeza pa imelo anali Harvey, amene malemu anamuphunzitsa ntchito ku Kitwe, ndipo tsopano akutsogolera anzake pa kampani ina ku Ndola. Nkhani imene inamusowetsa tulo ndi ya 19 uja. Chaka cha 2000 chikubwera, ndipo makina amene amadziwa 98 ndi 99 okha akadzaona 00 angadzaganize kuti dziko labwerera m'mbuyo. Zimene anadula achikulire ana ayenera kuzibwezeretsa, koma achikulire odziwa pamene anadula, ambiri anamwalira ndipo ena anabalalika. Harvey anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina. Pofika mu 1998 malemu anali akulangiza magulu a ku mabanki, a ku migodi ndi a ku makampani a inshuwalansi, anthu amene kupatula Harvey sanawaonepo nkhope. Ife tinkangomva maina oyamba pa chakudya, monga mayi amatchulira ana ake. Maina a makolo awo, nambala za foni, ngakhale maina a maofesi awo, sitinafunsepo. Tinkaona ngati n'zosatikhudza.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kamodzi, ndipo ife a m'banja timakadziwa bwino chifukwa tinakulira momwemo. Malemu sankapereka yankho. Wina akalemba kuti pulogalamu yagwa, tichite chiyani, iwo ankamubwezera funso: yagwa ikuchita chiyani, ndani winanso amadalira gawo limenelo, ukalikonza lero mawa lidzathyola chiyani. Sankalola munthu kuyamba kulemba asanatumize pulani. Pulani ya a ku Ndola ankaipereka kwa a ku Lusaka kuti aipeze zolakwa, ya a ku Lusaka kwa a ku Kitwe, mpaka anthu amene sankadziwana anayamba kudalirana. Ankati ndikakupatsa yankho udzabweranso mawa, koma ndikakupatsa funso udzadzifunsa wekha ine kulibe. Mwambi wawo unali uja woti safunsa anadya phula. Ena ankakwiya, malemu ankatiuza akuseka, koma sabata yotsatira ankalembanso.

Tsopano ndifike pa lamulo. Ana a dziko lino ndi oleredwa bwino. Aliyense polemba ankayamba ndi moni, muli bwanji amayi, abambo ali bwanji, nanga mvula kumeneko, ife kuno tili bwino mwa chisomo cha Mulungu. Pofika pa funso lenileni batire linali litatha, ndipo mnzake wa vuto lalikulu ankadikira mpaka tsiku lina. Malemu anaona kuti moni akudya moto. Mu Malichi 1998 analembera onse kuti kuyambira tsiku limenelo pa makina pasapezekenso moni, kapena kufunsana za moyo, kapena kutsanzikana. Funso, pulani, dzina, basi. Wophwanya lamulo, kalata yake sidzayankhidwa sabata imeneyo. Anawo, chifukwa cha ulemu womwewo umene unkawalembetsa moni, anamvera.

Nditamva zimenezi ndinawatsutsa. Ndinati inu amene simudutsa ngakhale mbuzi osafunsa za mwini wake, mukuphunzitsa ana a eni ake kulowa m'nyumba popanda odi. Anandiyankha kuti moni sanamutaye, angomuika m'nkhokwe. Anali atagwirizana kale ndi anawo kuti chaka cha 2000 chikalowa bwino, mvula ikatha, onse adzabwera kuno ku Mfuwe kudzaona nyama, ndipo tsiku limenelo adzapatsana moni wa zaka ziwiri, mmodzimmodzi, atakhala pamphasa. Alamu anali atayamba kale kuganiza zodzaphika. Mbuzi imene anasungira tsiku limenelo ndi imene tapha dzulo kuti olira adye.

Mwa ana onsewo, dzina limene linkamveka kwambiri m'nyumba ndi la Yande, mayi wachitsikana wotsogolera gulu la ku banki ina ku Lusaka. Malemu ankati ameneyu mutu wake ndi wakuthwa koma ndi wamakani, ndipo n'zosadabwitsa poti ndi M'bemba. Mukudziwa nonse chimbuya chathu ndi anthu amenewo. Pa maliro a kuno kum'mawa kwa dziko M'bemba ndiye amagwira ntchito, ndiye amatinena kuti timadya mbewa, ife n'kumubwezera za anyani, ndiye amatipaka ufa kumaso kuti tiseke tili m'misozi. Malemu ankati Yande akadzabwera adzamuphikira mbewa, ndipo adzadya afune asafune. Lero pano panayenera kukhala Yande akutisowetsa mtendere, koma sakudziwa.

Matenda a malemu anayamba kale. Mu 1995 anapezeka ndi BP, ndipo ankamwa mankhwala. Mu Novembala 1998 mutu unayamba kuwapweteka kawirikawiri, miyendo n'kumatupa. Nthawi yomweyo loji inatseka monga imachitira dzinja lililonse. Eni ake anapita kwawo, injini ya magetsi inasamutsidwira kumtunda kuopa madzi, ndipo amayi Rosina, kalaliki wa mu ofesi, amene anali munthu wina yekhayo wodziwa kutsegula makina aja, anapita kwa amayi awo ku Msoro kukachira, popeza anali oyembekezera. Kiyi anasiyira malemu. Iwo anapitiriza kupita ku ofesiko kawiri pa sabata, poyamba pa njinga, madzi atadzaza m'madambo pa bwato. Tinkawaletsa. Ankati Disembala wa 1999 sadikira miyendo ya munthu.

Pa 12 Januwale 1999 tinapita nawo ku chipatala cha mishoni. Adokotala anawayeza mosamala, n'kutiuza mosabisa kuti mtima wakula, ndipo zida zofunika zili ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Koma mukudziwa mmene msewu wa ku Chipata unalili mwezi umenewo. Maminibasi anali atasiya, ndipo malole amene anayesa anagona m'matope. Munthu wa mtima wotero sakanapirira. Ndege m'dzinja imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mpando wake si wa anthu ngati ife. Alamu anawachonderera kuti auze ana awo a pa makina, anthu a m'tauni odziwana ndi anthu. Ine ndinawakumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakana. Anati lamulo analiika okha, sangakhale woyamba kuliphwanya, ndipo anawo akangomva kuti amayi akudwala adzasiya kufunsa mafunso ovuta, adzayamba kuwamvera chisoni, ntchito n'kuima. Anati tidikire msewu uume. Amene munayesapo kutsutsana nawo mukudziwa kuti tinagonja.

Lachitatu pa 27 Januwale anapita ku ofesi komaliza. Anabwerako atatopa kwambiri, ndipo anauza alamu kuti zala zinali zolemera, alemba mwachidule. Lachiwiri pa 2 Febuluwale m'mawa, akusesa pakhonde, anagwa. Tinawanyamula pa ngolo kupita nawo ku kiliniki ya ku Mfuwe. Mbali ya kumanja inali itafa, ndipo mawu anali atatsekeka. Anatsala ndi maso, ndi dzanja lamanzere. Dzanja limenelo silinkapuma. Zala zinkagogoda pa bulangete monga ankachitira pa kompyuta, kenako n'kuloza kumtsinje, kenako iwo n'kutiyang'ana. Tinawapatsa pensulo, koma zimene dzanja lamanzere linalemba panalibe wotha kuwerenga. Tinamva ndithu chimene ankafuna. Chitseko chija tsopano ankafuna kuchitsekula, koma mphamvu inali itapita.

Tinatuma munthu ku Msoro kukaitana amayi Rosina, koma mtsinje wa Lupande unali utadzaza ndipo mthengayo anakhala tsidya lino akudikira madzi. Edith anali kusukulu kumene amaphunzitsa ku Chama, Langford anali m'tchire pa ntchito yake yolondera nyama. Choncho Lachisanu pa 5 Febuluwale ine ndi alamu tinatenga kiyi, tinakwera bwato, tinapita tokha.

Abale anga, ndakumanapo ndi njovu pakati pa chimanga ndili ndi chitini ndi ndodo basi, koma sindinadzionepo wochepa ngati tsiku limenelo. Mlonda anatitsegulira geti. Mpando wawo unali pomwepo, ndi chitenje chimene ankatsamira. Alamu anavula chipewa. Anali ataonapo pamene malemu ankadina, ndipo atadina galasi la kompyuta linayaka. Mitima inakhala pansi. Kenako panatuluka kabokosi kofuna mawu otsegulira, amene ankawadziwa malemu ndi amayi Rosina okha. Tinalemba Tabeth, ndi chala chimodzi, kusakasaka chilembo chilichonse. Makina anakana. Tinalemba Edith, Langford, Kakumbi, dzina la amayi athu. Anakanabe. Alamu anatenga cholankhulira cha wailesi n'kuyamba kuitana, kutchula dzina lawo ndi la akazi awo, m'Chinyanja, m'Chikunda, m'Chingelezi chawo cha kukhitchini, koma munkangomveka mphepo. Amuna awiri a imvi tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, anthu otha kutithandiza ali kuseri kwa galasi, ife osadziwa polowera. Tinazimitsa kuopa kumaliza moto. Pobwerera, tili pakati pa madzi, ndege yaing'ono inadutsa pamwamba pathu ikuchokera ku bwalo la Mfuwe, kulunjika ku Lusaka. Alamu anaiyang'ana mpaka inalowa m'mitambo.

Pa 8 Febuluwale a zanyama, kumene Langford amagwira ntchito, anatithandiza ndi galimoto yawo, ndipo tinawasamutsira ku chipatala cha mishoni. Anamwino ndi adokotala anachita zonse zimene manja awo akanatha, ndipo banja lilibe nawo mawu. Edith ndi Langford anafika amayi awo akadali ndi moyo. Zala zija zinapitiriza kugogoda, tsiku lililonse mochepera, mpaka zinaleka. Lachiwiri pa 16 Febuluwale 1999, cha m'ma teni awazi m'mawa, malemu anatisiya. Anali ndi zaka 49.

Amayi Rosina afika dzulo, khanda kumsana, ataoloka Lupande pa bwato ndi kuyenda pansi mtunda wautali. Iwo ankadzera odwala, apeza maliro. Asanakhale n'komwe pansi anati tiyeni ku ofesi tikauze ana. Tinalemba uthenga wa maliro ndipo anauika m'makina. Koma makina amenewa ali ndi mwambo wawo. Amayamba alandira makalata onse amene akhala akudikira, kenako ndiye amatumiza. Makalata anayamba kutsika. Harvey, pulani. Wina wa ku Kitwe, funso. Harvey kachiwiri, funso lomwe lija. Onse aulemu, onse omvera, osafunsa chifukwa chimene amayi akhalira chete masabata atatu. Ndikudziwa kuti mumtima ankafunsa. Koma anaphunzitsidwa.

Pakati pa makalatawo panali ya Yande, yolembedwa Lachinayi pa 28 Januwale, malemu akuyendabe ndi miyendo yawo. Amayi Rosina anatiwerengera n'kutimasulira. Yande analemba kuti kalata imene analandira dzulo lake yamuopsa, chifukwa kwa nthawi yoyamba amayi sanamubwezere funso, angomupatsa yankho lonse, lolondola, monga amachitira munthu wofulumira kunyamuka. Anati lamulo akulidziwa, amulange ngati akufuna, M'bemba saopa munthu wa kum'mawa. Anati mlamu wake amayendetsa ndege yaing'ono imene idzabweretsa katundu ku Mfuwe Lachisanu pa 5 Febuluwale n'kubwerera yopanda anthu. Walankhula naye kale. Ngati pali vuto amayi angolemba liwu limodzi, mpando ulipo, ndipo iye adzakhala akudikira ku bwalo la ndege ndi galimoto. Kalata yonse inali m'Chingelezi. Mzere womaliza wokha ndiwo analemba m'chilankhulo chathu, ndipo umenewo amayi Rosina sanafunike kumasulira. Unati: Amayi, muli bwanji?

Panali kalata yake ina, ya sabata yotsatira. Imeneyo inali yopepesa. Ataona kuti sakuyankhidwa, anaganiza kuti ndi chilango chija. Analonjeza kuti sadzabwerezanso, ndipo anaika pansi pake funso la ntchito.

Kalata yomaliza itangotsika, galasi linathima. Dzuwa silinaoneke bwino sabata yonseyi, ndipo mabatire anali atatha. Uthenga wa maliro uli momwemo, sunapite. Amayi Rosina akuti pakufunika tsiku lathunthu la dzuwa. Inu nomwe yang'anani kumwambaku.

Sindikunena kuti akanakwera ndege ija akanachira. Zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Sindikuimba mlandu anawo, anamvera mphunzitsi wawo. Sindikuimba mlandu malemu, lamulolo analiika kuti aliyense apeze mpata wofunsa. Kuyambira dzulo ndakhala ndikusaka woti ndimukwiyire ndipo sindikumupeza, ndipo chimenecho ndicho chikundiwawa koposa. Ndege ija tinaiona ndi maso athu. Alamu anga chibwerere ku ofesiko sanadye kanthu.

Malemu asiya amuna awo, bambo Benwell Ngoma, amene akhala nawo m'banja zaka 24. Asiya ana awiri, Edith ndi Langford, zidzukulu zitatu, ndi ife anayi otsala mwa ana a amayi Esnati. Asiyanso Harvey, Yande, ndi ena amene maina awo sitikuwadziwa onse. Banja lagwirizana kuti amenewa awerengedwe pamodzi ndi ana, osati ndi anzawo a ku ntchito. Asiyanso ntchito ili pakati, chaka cha 2000 chisanafike. Anawo akadzaoloka bwino, adzaoloka ndi mafunso amene anawazoloweza, poti wofunsa uja wapita.

Banja likuthokoza a ku kiliniki ndi a ku chipatala cha mishoni, a zanyama amene anatipatsa galimoto, ndi bambo Fackson a bwato, amene anawaolotsa malemu dzinja lonseli osadandaula. Tikuthokoza amayi Rosina, amene ayenda ulendo wotere thupi lisanalimbe. Tikuthokoza amayi a mpingo pa nyimbo ndi pa moto, ndi adzukulu amene akumba manda akukapa madzi. Tikuthokozanso ambuya athu a Chibemba ogwira ntchito m'maloji, amene atipaka ufa m'mawa uno. Mwachita bwino, ngakhale ufawo mwaumira monga mwa mtundu wanu. Mwaimirira mlongo wanu amene sanathe kufika.

Chatsala chimodzi. Kwathu kuno munthu akakufunsa muli bwanji umayankha, ngakhale uli pamphasa ya matenda, ndipo m'nyumba ya Shawa simunachitikepo kuti moni akhale masabata atatu osabwezedwa. Mwini wake sangayankhenso. Banja lakambirana m'mawa uno, ndipo tapempha amayi Rosina kuti dzuwa likadzatuluka, uthenga wa maliro usanapite kwa onse, ayambe atumiza yankho la Yande. Lamulo lija tikuliika m'manda limodzi ndi mwini wake. Popeza sitikudziwa tsiku limene dzuwalo lidzatuluke, ndiloleni ndiwerenge yankholo pano, inu mukhale mboni kuti tinayankha.

Yande mwana wathu, sunalakwe, unafunsa bwino. Amayi ako sanali bwino. Tawaika lero ku Kakumbi. Kaya iwe kumeneko, uli bwanji?

Alongo anga a Tabeth, kumene mukupitako kulibe moto wotha. Mukafika musafulumire. Muime pakhomo lililonse, mupereke moni yense uja munamusunga m'nkhokwe. Mzimu wanu uuse mu mtendere wa Ambuye. Zikomo.